Kangaude wa M'nkhokwe ya Apongozi

Ndunde, Chiradzulu
9 Malichi 1998

Wokondedwa mkazi wanga Nester,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu. Muli bwanji uko ku Mzuzu, inu ndi mwana wathu Jessica? Nanga alamu anga a Selestina akupezako bwanji chibadwire mapasawo? Mundiuze ngati ana akuyamwa bwino, komanso ngati kuzizira kwa kumeneko sikunamuyambitse Jessica chifuwa, pakuti juzi yake yofiira ija munaiiwala pa msomali.

Kuno mvula yayamba kudula ndipo chimanga chikuuma bwino. Amayi anu ali bwino, akupita kuntchito kwawo kuchipatala m'mawa uliwonse. Tikakumana panjira ine ndimapatukira uku, iwo uko, n'kupatsana moni titafulatirana monga mwa ulemu wake.

Tsopano pali nkhani. Loweruka amayi anatumiza mawu kuti nkhokwe yawo yakale ikufunika kukonza tisanakolole. Ndinavula buluku langa labwino lija, n'kulipachika pa nsungwi mkati mwa nkhokwemo, ndipo ndinagwira ntchito ndi kabudula. Dzuwa litapendeka, pobwezera buluku m'thupi, ndinamva chinthu chikundibaya ngati kamunga. Nditakutumula, munagwa kangaude wamng'ono wotuwa, wa miyendo yowonda, wosaposa njere ya nandolo. Ndinamuponda. Ndikuvomera kuti pomupondapo ndinatulutsa mawu osayenera munthu wa m'kwaya, makamaka m'nyengo ino ya Lenti.

Malo amene anandiluma ndi ovuta kuwalemba. Ndingoti ndi pamene munthu amakhalira, mbali ya kumanzere. Kutacha ndinabwereka kagalasi kanu, ndipo nditadzipinda ngati mphaka ndinaona kuti patupa ngati dzira la nkhunda, pali kadontho pakati. Pakuyabwa, ndipo pogwira ndi potentha. Kutchalitchi nditayesa kukhala pa benchi ndinanyamuka ngati ndakhalira khala la moto. Ndiye ndinangogwada mapemphero onse.

Pempho langa ndi limodzi: musawauze amayi. Mukudziwa nokha kuti pachipatala pathu pano womanga zilonda ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amayi anu. Adokotala amangoona ndi kulemba, kenako amakulozera kuchipinda cha amayi. Ine mkamwini, amene chikwatire sindinatafunepo ngakhale chinangwa pamaso pawo, ndikamasule lamba pamaso pa apongozi? Bola kufa. (Ambuye andikhululukire, sindikutanthauza kufa kwenikweni.)

Inu munakulira m'nyumba ya womanga zilonda, ndiye ndiuzeni: kangaude akaluma munthu, pamatenga nthawi yaitali bwanji kuti papole? Kalatayi ndapatsira a Dominiko akatekisiti, amene akuti ali ndi ulendo wa ku boma.

Ine mwamuna wanu mwa Khristu,
Vincent

*

Ndunde
12 Malichi 1998

Nester mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija. Selestina ali bwanji? Umuuze asayambe kunyamula ndowa msanga, ndipo pamichombo ya anawo pasaikidwe chilichonse, kaya anene ndani.

Chimene ndalembera ndi amuna ako. Undiuze zoona, kodi munayambana usananyamuke? Kapena ndine ndawalakwira?

Nkhokwe anaisiya theka, denga lili pansi, munthu amene sanasiyepo ntchito panjira. Ndikawatumizira chakudya akuti amadya chiimire pakhomo, ngati munthu wodikira basi. Njinga sakukweranso, akumaikankha ngati yabooka. Dzana malume ako a Jeremiah anapita kukawachezera. Anawapatsa mpando bwinobwino, koma iwo osakhala pansi, anangoima chilili mpaka malume ako anatsanzika. Mkamwini kuimirira pamutu pa mwini mbumba! Achimwene anabwera kwa ine, akuti, "Hannah, mnyamata ujatu wakula mwendo pamudzi pano."

Za kutchalitchi ndiye usanene. Anagwada kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira, thukuta lili kamukamu, maso ali kudenga. Azimayi anzanga akuti Mzimu wawatsikira. Koma ine ndakhalitsa padziko, mwana wanga. Mwamuna akayamba kupemphera chonchi, ndiye kuti pali chimene wachita, apo ayi pali chimene akufuna kuchita.

Ine ndikuona kuti akufuna kubwerera kwawo ku Magomero. Munthu wosakhala pansi ndi wa paulendo. Mwina ndi nkhokwe ija. Mwina anaona ngati ndawatuma ngati waganyu, poti ndinangotumiza mawu osapereka ndi thobwa lomwe. Kuwafunsa ndekha sindingathe, ukudziwa mwambo wathu. Ndiye iwe uwalembere, uwafunse mofatsa, usayambe ndi kukalipa monga umachitira. Ine kuno ndiwaphera tambala uja, mwina mtima ungatsike.

Kalatayi ikwera ambulasi ya mawa kupita ku positi ya ku boma.

Ine mayi ako,
Hannah

*

Ndunde, Chiradzulu
16 Malichi 1998

Wokondedwa mkazi wanga Nester,

Moni m'dzina la Iye amene anachiritsa akhate. Yankho lanu sindinalandire, koma sindikudandaula, ndikudziwa kuti mapasa ndi ntchito. Jessica ali bwanji? Kodi amanditchulako?

Ndikulemba nditagona chafufumimba pa mphasa, ndiye mukhululuke zilembo zokhotakhota. Paja ndinati dzira la nkhunda. Tsopano ndi la nkhuku, ndipo likulakalaka kukhala la bakha. Pakati panatuluka thuza, linaphulika, ndipo pamenepo pada bii ngati pawauka ndi moto. M'mbali mwake mwalimba gwa, ndipo mukugunda ngati muli mtima wachiwiri. M'mphechepeche mwatuluka mwanabere. Chiyambire Lachisanu thupi likumatentha, kenako ndikumanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Ndinapakapo phulusa, sizinathandize. Ndinapakapo mankhwala otsukira mano, ndinangomva kuzizira kwa kanthawi. Munthu wina pamsika, amene ndinamuuza kuti ndikufunsira mnzanga, anati parafini. Mnzangayo analira ngati mwana.

Koma chimene chikundipweteka kwambiri ndi cha mumtima. Dzulo ndinagwadanso mapemphero onse. Potuluka, a Dominiko anandigwira dzanja pamaso pa mpingo n'kunena kuti, "Taonani chitsanzo cha Lenti! Ena mukugona pa benchi, koma m'bale wathuyu mawondo ake atuluka zikang'a." Azimayi anaimba nthungululu. Andisankha kuti ndizitsogolera Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse. Nester, ndikukolola ulemu m'munda umene analima ndi kangaude, ndipo choipitsitsa n'chakuti ndinamva kukoma. Bambo mfumu akadzabwera mwezi wamawa ndidzalapa, kungoti sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.

Ndiye amayi anditumizira tambala wathunthu, wokazinga bwino, ndi nthutumba yomwe. Sindikumvetsa. Nkhokwe sindinamalize, nanga nkhukuyi ndi ya chiyani? Kodi adziwa? Kodi munawauza? Ndinadya chiimire misozi ili m'maso.

Mwina mukuti bwanji osapita kuchipatala cha ku boma. Ndinaganizirapo. Koma pa njinga sindingakhale, pa matola sindingakhale, ndipo wapansi mwendo wa kumanzerewu ukukana. Komanso mudzi wonse ungati chiyani utamva kuti mkamwini wa a Hannah walambalala manja a apongozi ake n'kukamangitsa chilonda kwa alendo? Kupita ndi chipongwe, kusapita ndi chipongwe. Ndasankha chipongwe chimene sichifuna kumasula lamba.

Zikavuta, buku langa la nyimbo mudzampatse Jessica akadzaphunzira kuwerenga. Kagalasi kanu ndakasweka pakona, kanandipulumuka ndikuyang'ana. Mundikhululukire.

Ine mwamuna wanu wochimwa,
Vincent

*

Mzuzu
19 Malichi 1998

Bambo a Jessica,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pa moni. Ndalandira kalata ya amayi. Akuti mwasiya nkhokwe, mukudya chiimire, mwaimirira pamutu pa amalume, ndipo mukumanga katundu wobwerera ku Magomero.

Kodi ndinakulakwirani chiyani? Kuno sindinabwere kudzaona tauni. Ndikuchapa matewera a ana awiri m'madzi ozizira ngati a m'firiji, zala zachita kufa, inu uko mukukonza zothawa? Ndipo mukuthawira kwa ndani? Ngati ndi mtsikana woimba alito m'kwaya uja amene amakubwerekani buku la nyimbo chonsecho nyimbo zonse amazidziwa pamtima, mundiuze ndidziwe. Chichokere ine simunalembe ngakhale kakalata kamodzi, munthu wa Fomu 4. Kugwada kwanuko sikundinamiza ine. Amene amagwada kwambiri ndi amene

Bambo a Jessica, pepani. Ndinalekezera pamenepo chifukwa alamu a Frackson, amuna awo a achemwali, analowa ndi kalata yanu ya pa 9. Chidindo chake chikuonetsa kuti inagona m'thumba la jekete la a Dominiko sabata yathunthu. Ndaiwerenga, ndaseka mpaka mapasa onse adzuka, ndipo achemwali akufunsa chimene chachitika. Sindinawauze. Zapamwambazo sindifufuta, pepala lavuta, mungozilumpha. Koma za mtsikana wa alito zokhazo muziwerenge.

Ndiye kangaude wakulumani pa thako! Lembani dzina lake, thako, si tchimo, analenga ndi Mulungu yemweyo.

Tamverani tsono. Akangaude ambiri akaluma pamangotupa pang'ono, kuyabwa ndi kutentha, ndipo pakatha masiku angapo, ikachuluka sabata, pamaphwa pokha. Muzitsukapo ndi sopo ndi madzi owiritsa, muziikapo kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira. Ululu ukakula imwani panado. Osakanda, osafinya, osapakapo za m'maluwa zimene angakuuzeni anthu.

Koma amayi amati pali zizindikiro zosachitira manyazi. Chotupa chikamakulirakulira m'malo mophwa, pakati pakada, pakayamba mafinya, mwanabere akatuluka, kapena thupi likatentha, pamenepo ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo munthu akayamba kukokana m'mimba, kutuluka thukuta losaleka kapena kubanika, ameneyo ndi womunyamula, osadikira kuti kuche. Inuyo kalata ino pofika mudzakhala mutachira kale, ndikudziwa.

Chinsinsi chanu ndasunga. Koma kapepeseni kwa amalume, muwauze kuti munali ndi msana. Jessica ali bwino, akumafunsa ababa.

Mkazi wanu,
Nester

*

Mzuzu
23 Malichi 1998

Amayi,

Moni mwachidule, tonse tili bwino. Kalatayi siidzera ku positi, ndapatsira dalaivala wa lole ya kuntchito kwa alamu a Frackson amene akupita ku Limbe, akaipereke kwa a matola a kwathuko. Muiwerenge muli chiimire.

Apongozi anu sakupita ku Magomero. Sanakwiye ndi nkhokwe, ndipo tambala wanu anafa ulele. Analumidwa ndi kangaude m'nkhokwe mwanumo, pa thako la kumanzere, n'chifukwa chake sakukhala pansi. Akuopa kubwera kuchipatala chifukwa womanga zilonda ndinu.

Ndinawalonjeza kuti sindiulula, ndipo ndinawalembera zoseka poganiza kuti ndi kachotupa wamba. Koma lero ndalandira kalata yawo yachiwiri imene analemba sabata yatha. Akuti pakati pada, mwanabere watuluka, thupi likutentha, ndipo apakapo phulusa ndi parafini. Ayamba kale kugawa katundu wawo. Ngati zinali choncho sabata yatha, lero zili bwanji?

Amayi, munkatiuza nokha kuti wobisa matenda amaululidwa ndi maliro. Mwambo ndikuudziwa, koma sindikufuna kukhala namfedwa waulemu. Mwamunayo mukumudziwa, akhoza kufa chogwada asanakuuzeni. Kaya mumumanga ndi chingwe, kaya muitana amalume, muone chochita lero lomwe kalatayi yafika. Ine ndinyamuka achemwali akangolimba.

Mundiyankhe msanga, kuno chakudya sichikulowa.

Mwana wanu,
Nester

*

Ndunde, Chiradzulu
26 Malichi 1998

Wokondedwa mkazi wanga Nester,

Moni m'dzina la Ambuye, amene sabisidwa kanthu, monganso amayi anu tsopano. Ndiyambe ndi kuulula kuti dzulo ndinakukwiyirani kwambiri, ndipo mumtima ndinakufanizirani ndi Delila. Lero ndabweza mawuwo.

Dzulo m'mawa ndili chigonere kuseri kwa nyumba, thupi lili ngati mbaula, ndinamva njinga ikuima pabwalo. Anali amalume a Jeremiah. Kumbuyo kwawo kunali amayi, atavala yunifolomu, ataima pafupi ndi mpapaya, atandifulatira.

Amayi anati, "Achimwene, auzeni apongozi anga kuti kalata yafika kuchokera ku Mzuzu."

Amalume anati, "Akuti kalata yafika."

"Auzeni kuti adokotala akuwadikira, ndipo ine sindichoka pamtengo pano iwo asananyamuke."

Ine ndinati, "Amalume, auzeni amayi kuti ndikupezako bwino, ndi kamsana chabe."

Amalume sanapereke uthengawo. Anangondiyang'ana, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira njinga kuti asagwe. "Iwe Vincent, ndiye unandiimirira pamutu chifukwa cha thako? Ukanandiuza ine bwenzi nditakubwereka, ndili nawo awiri!"

Nditayesa kuimirira, dziko linazungulira. Ndiye anandigoneka chopingasa pa kaliyala, mimba pansi, mutu uku miyendo uko, amalume akukankha, amayi akutsogola patali osacheuka. Podutsa pamsika anthu anafunsa kuti kwagwanji. Amalume anati, "Palibe, ndi thumba la chimanga, tikupita nalo ku chigayo." Mtsogoleri wa Njira ya Mtanda ndinadutsa choncho pamaso pa azimayi a mpingo akugulitsa tomato.

Adokotala a Shabani atayang'ana anaimba kaluzu. Anati, "Bambo, munali kuti masiku onsewa? Kangaudeyo anangotsegula khomo. Zinazi mwalowetsa nokha ndi zikhadabo, phulusa ndi kudikira." Anati chikanapola chokha ndikanangotsuka ndi kuchisiya, ndipo tsiku limene pakati panada ndi thupi kutentha ndilo linali tsiku lobwera. Anati zikanalowa m'magazi bwenzi tikukamba zina. Anatumbula, ndipo zimene zinatuluka sindilemba poopa kuti mwina mukudya. Anandibaya jakisoni mbali inayo, imene sinalakwe kanthu, n'kundipatsa makapisozi. Lero kutentha kwatsika, ndipo kalata yanu yoseka ija yandipeza madzulo ano. Za mtsikana wa alito ndi bodza, buku amabwereka chifukwa lake linanyowa.

Koma mtanda weniweni ukubwera. Adokotala akuti chilonda chasiya dzenje, ndipo chiyenera kutsukidwa ndi kumangidwa m'mawa uliwonse mpaka chidzaze kuchokera mkati, mwina masabata atatu. Dzulo ndi lero amanga okha pondimvera chisoni. Nditawapempha kuti apitirize, anandilozera mzere wa ana a malungo n'kunena kuti, "Kuyambira mawa ndi kuchipinda cha mayi Hannah, ngati wina aliyense. Mukajomba, chiyambiranso."

Nester, ndichite chiyani? Ndikathawira kwa achemwali anga ku Magomero, mudzi udzati zoona, mkamwini uja anali paulendo. Ndikakhala pakhomo, chilonda chibwerera. Ndikapita, amayi ndi ine tidzapatsananso moni bwanji moyo wathu wonse? Ndatsegula Baibulo kufuna malangizo, landitsegukira pa Nowa ataledzera ndi ana ake akuyenda chambuyo. Sindikudziwa ngati limeneli ndi yankho kapena chenjezo.

Mundipempherere, ngakhale kuti pemphero lanu lidzafika mawa litadutsa kale.

Ine mwamuna wanu,
Vincent

*

Ndunde
14 Epulo 1998

Nester mwana wanga,

Moni wa Pasaka kwa nonse. Ndamva kuti mapasa akunenepa, Mulungu alemekezeke. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna ndikulembere nkhani yathunthu, osati theka. Tsopano idya, mtima ukhale pansi.

Za amuna ako ine ndilibe zambiri. Ndimawaona patali monga kale. Lamulungu la Pasaka ndinawaona atakhala pa benchi, mopendekeka pang'ono koma atakhala, ndipo a Dominiko akudandaula kuti changu chawo chazirala. Malume ako anagwirizana nawo, moti masiku ano sasiyana.

Koma ndikuuze za wodwala wina amene ndakhala ndikumumanga kuntchito.

Tsiku lija adokotala ananena, ndinafika m'mawa, ndinawiritsa zitsulo, ndinamanga anthu onse a pamzere mpaka benchi inatsala yokha. Dzuwa linakwera. Mtima unali m'mwamba, ndinati basi, munthu wasankha manda. Ndikuti ndivule magolovesi, ndinaona achimwene a Jeremiah akulowa, akukoka munthu wofunda bulangeti kumutu mpaka m'chiuno, kunja kukutentha chonchija. Munthuyo analowa chambuyo, anagunda ndowa, anapepesa ndowayo, n'kugona chafufumimba pabedi.

Ndinati, "Achimwene, ameneyu ndani?"

Iwo anati, "Kaya. Ndamutola panjira, ndi mlendo."

Ndinati, "Chabwino. Alendo timawalandira."

Ndinatenga nsalu yobiriwira ija yobooka pakati, imene timayala posoka mabala, ndinapatsa achimwene kuti ayale okha ine nditayang'ana kukhoma. Potembenuka ndinaona chilonda basi, chili pakati pa nsalu ngati chilumba. Chinali chakuya moti chala chikanalowa mpaka pa mfundo. Ndikutsuka ndi madzi a mchere, m'bulangetimo munkatuluka Tikuoneni Maria wothamanga ngati njinga yopanda mabuleki.

Ukudziwa kuti ine pomanga chilonda ndimacheza ndi wodwala kuti aiwale ululu. Ndiye tsiku lina ndinamuuza mlendoyo kuti, "Bambo, inu simukundidziwa, koma ine ndili ndi mkamwini. Chimubweretsere mwana wanga pakhomo, denga langa silinadonthepo. Samwa, samenya, mawu ake sindinawamvepo atakwera. Kuipa kwake n'kumodzi, manyazi. Mwezi wathawu ndinkaona ngati akundichokera, ndipo sindinkagona. Koma zoterezi munthu sungauze mpongozi wako, ndiye ndikuuza inu poti ndinu wapaulendo."

Bulangeti linati, "Mayi, mkamwini wanuyo ine ndimamudziwako pang'ono. Ndi chitsiru, koma kuchoka sangachoke. Akuti kwawo mayi ake anamwalira kalekale, ndipo samadziwa kuti kuno aliko ena."

Achimwene anayamba kutsokomola n'kutuluka panja. Ine ndinati ndi mankhwala a m'botolo amene akundilowa m'maso.

Kuyambira pamenepo mlendoyo sanajombepo. Tacheza zambiri, za mbewu, za Jessica, za bondo langa, mpaka anandilangiza kuti ndisamanyamule ndekha nkhuni. Sabata yoyamba mafinya anatha ndipo mwanabere anaphwa. Yachiwiri mnofu wofiira unayamba kukwera kuchokera pansi. Loweruka lapitali ndinaona kuti khungu lakumana, ndinamuuza kuti, "Bambo, ulendo wanu pitirizani, kuno mwamaliza. Buluku muzikutumula musanavale." Anathokoza, anatuluka chambuyo, anagundanso ndowa ija. Ndikuuze zoona, m'mawa wa dzulo ndinamusowa.

Azimayi pa mjigo sanachedwe. Mayi ake a Latifa anandikoka pambali, akuti, "A Hannah, tamva kuti mwaona zosaona. Zoona apongozi anu amabwera kuchipinda kwanu?" Ndinati, "Anzanga, ine ndalumbira pamaso pa mtanda, nkhope ya apongozi anga sinalowepo m'chipinda chimenechija." Ndipo sindinaname.

Ubwere msanga, kukolola kwayandikira. Ukadzafika n'kupeza chipsera pathupi pa amuna ako, usadzandifunse ine, sindikudziwapo kanthu. Koma udzachiyang'ane bwino pa kuwala. Amene anamanga pamenepo ndi katswiri.

Ine mayi ako,
Hannah